Matemba pa Sola ya Apongozi

Ntchito ya sola ndinaiphunzira kwa bambo ena a pa Songani amene tonse tinkawatchula kuti a injiniya, ngakhale sukulu imene anaphunzirako uinjiniyawo palibe ankaidziwa. Luso lawo lalikulu linali kuvala ovolosi. Kampani ya m'tauni ikapeza ntchito inkapatsira munthu wa ku Zomba, wa ku Zombayo n'kupatsira iwowa, iwo n'kuloza denga ndi chala, wokwera n'kukhala ine. Eni ake ankatsala pansi pa mango akuyankha foni.

Nditatopa, ndinaganiza zoima pandekha. Ndinali nditangolowa chikamwini kufupi ndi Likangala, ndipo ndinkadziwa kuti babu likangoyaka kwa apongozi, mudzi wonse uziitana ine.

Denga lawo linali la udzu, choncho panelo ndinalikhazika pa mitengo yofika m'chiuno kuseri kwa nyumba, pomwe dzuwa limaswera. Masiku oyamba ndinkayenda ngati mwini dziko. Kenako babu linayamba kuzima anthu asanasambe n'komwe m'manja. Ndinasintha mawaya, batire ndinapita nalo panjinga kukayezetsa, vuto osaoneka. M'mudzi anayamba kunong'onezana kuti mkamwiniyu anangophunzira kunyamula makwerero.

Masana ndinkakhala ku mpunga wa apongozi omwewo. Tsiku lina ndinaweruka msanga, n'kupeza panelo lonse lili mbuu ndi matemba, oyalidwa bwinobwino m'mizere, apongozi aakazi ali pambali kuingitsa ntchentche. Akuti anauza mkazi wanga kuti chigalasicho chimatentha bwino, nsomba zimauma msanga, mchenga osalowa.

Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira patchire. Ndikanayambira pati kuwauza kuti chotsani nsomba zanuzi? Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinatuma mkazi wanga, iye anandifunsa ngati matembawo sindidya nawo. Ndiye ndinakhoma thandala lokongola chapafupi, osanena kanthu, kuti mwina amva okha. Apongozi anayamikira kwambiri, n'kuyanikapo mbale ndi mapoto. Matemba anatsala pomwe paja.

Mdima utawakwana, apongozi aamuna anaitanitsa a injiniya. Anafika pa njinga yamoto, ovolosi yochita kusita. Matemba anawaona asanatsike n'komwe, koma anayamba azungulira nyumba, kugunditsa tesita yoyezera magetsi apa ndi apo, kumasula waya amene ndinamanga ine n'kumumanganso momwemo. Kenako anatembenukira kwa apongozi aakazi, maso ndi maso, poti iwo si mkamwini wa munthu.

"Mayi, chinthu ichi chimadana ndi fungo la nsomba. Muziyanika kutali." Atatero anandisisita paphewa pamaso pa anthu onse. "Mnyamatayu musamutaye, akuphunzirabe."

Apongozi aakazi anachotsa matembawo nthawi yomweyo, ndipo a injiniya anachoka ndi tambala atamumangirira kumbuyo kwa njinga. Madzulo amenewo babu linayaka ngati silinazimepo, ndipo ine ndinadya matemba aja mtima ukuwawa koopsa.

Mpaka lero m'mudzi muno wofuna sola amaitana a injiniya, iwo n'kundituma kukwera denga. Sikuti ine sindiitanidwa pandekha ayi. Apongozi ananditchukitsa mpaka kudoko, ndipo aliyense wofuna thandala amadziwa khomo langa.