Nthochi Pansi pa Bedi la Alendo

Fungo la nthochi zakupsa mpaka lero limandichititsa mantha. Anzanga amandiseka, ati mwana wa ku Thyolo angaope bwanji nthochi, koma iwo sanaone zimene ndinaona ine ndili mu Sitandade 3.

Tinkakhala m'malayini a pa esiteti, moyang'anizana ndi minda ya tiyi. Amayi ankathyola tiyi. Ababa anali atasiya ntchito yodulira tiyi n'kupeza ina yoperekera zakudya pa kampu ya alendo olemera, m'nkhalango ya nyama kuchigwa cha Shire. Ntchito imeneyo ndi imene inandiveka nsapato zanga zoyamba, ndipo amayi ankaitchula motsitsa mawu ngati ingamve n'kuthawa. Chaka chimenecho mvula inachedwa. Tiyi anachita mbuu ndi fumbi, fakitale inkalira mwa apo ndi apo, ndipo masana alionse mitambo inkaunjikana paphiri, n'kugunda, n'kubalalika osagwetsa dontho. M'masiku amenewo uthenga unafika wakuti alendo achepa, choncho abwana alola kuti banja la ababa likagone masiku awiri m'tenti ya alendo.

Amayi sakanapita kwa abwana a amuna awo chimanjamanja. Anadula mkoko wa sukali kuseri kwa nyumba, nthochi zikadali zaziwisi, nazivundika m'masamba ouma. Anazikulunga m'chitenje chawo chopitira kutchalitchi n'kuziika pansi pa zovala m'chikwama.

Minibasi ikutsika zikhotakhota za kuchigwa, makutu anga anatseka, ndipo mphepo yolowa pawindo inkawotcha ngati ya pang'anjo. Pageti tinapeza ababa atavala zoyera mbee. Mlonda wa mfuti anayang'ana chikwama chathu.

"Zipatso mulibe umu, mayi? Kuno njovu zimanunkhiza zili kutali."

"Ndi zovala basi," anatero amayi, maso ali pansi.

Ababa anawayandikira. "Make Esinati, kuno lamulo ndi lamulo. Mukalakwitsa inu, wochotsedwa ndine."

Titatsala awiri m'tenti, amayi anakankhira chikwama pansi pa bedi n'kundiuza kuti nthochi zaziwisi sizinunkha. Adzazipereka tsiku lonyamuka zitayamba kufiira, chifukwa kupatsa munthu wamkulu nthochi zosapsa n'chipongwe.

Tenti imeneyo inali yaikulu kuposa nyumba yathu. Pansi panali matabwa osalala, bedi lotchingidwa ndi neti yoyera, ndi bafa loti munthu n'kugonamo. Ukakhala pakhonde unkaona dziwe, ndipo nyama zinkabwera mosinthana ngati anthu kumjigo: njati, mbawala, njiri zodya chogwada. Anatikweza galimoto yopanda denga, tinaona mvuu ndi ng'ona zitayasamula pamchenga. Koma ine mtima sunakhale m'malo. Kampuyo inalibe mpanda. M'njira yopita kodyera munali ndowe zazikulu zikadali zonyowa, ndipo mitengo ina inali yothyoledwa pakati, mkati mwake muli poyera. Ndinkaopa, ndipo chimene ndinkaopa kwambiri chinali chikwama chija.

Kwathu kumapiri nthochi zovundika zimatenga masiku anayi kapena asanu. Amayi anawerengera masiku a kwathu, osadziwa kuti kutentha kwa kuchigwa kulibe chisoni. Pofika tsiku lachiwiri tenti yonse inali fungo lokhalokha. Amayi anawaza pafyumu wa m'bafa, koma zinangoipiraipira.

Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, ababa ali kuntchito. Tinagona pabedi tikudzikupiza. Kenako nyenje zimene zinkalira tsiku lonse zinaleka kamodzin'kamodzi, kunja kunangoti zii. Mbali imodzi ya tenti inada ngati mtambo wafika. Sindinamve phazi ngakhale limodzi, koma kugunda kwapansipansi kumene ndinakumva m'mimba mwanga. Nsalu ya tenti inapindikira mkati, n'kubwerera, n'kupindikanso. Amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha tiyi, ndipo ndinamva mtima wawo ukugunda pamsana panga.

Nsonga ya mnyanga inaboola nsalu n'kuing'amba mpaka pansi. Chitamba chinalowa, chotuwa, chaubweya wolimba, chikupuma mpweya wotentha pamapazi anga. Chinapapasa neti, chinagwetsa nyale, kenako chinatsikira pansi pa bedi ngati chinauzidwa. Chikwama chinakwekwerezeka pamatabwa n'kutuluka. Pang'ambapo ndinaona diso laling'ono lonyowa, ndi chitenje cha amayi chikulendewera kukamwa.

Alonda anafika akuomba m'manja ndi kukuwa, njovu n'kuchoka mosafulumira. Pambuyo pawo panabwera abwana, mayi wamtali wonyamula wailesi, ndi ababa akadali ndi thireyi m'manja. Masamba a nthochi anali mbwee pakhonde. Abwana anafunsa kuti walowetsa zipatso ndani.

Ababa anayang'ana amayi, amene anali atagwira m'mutu.

"Ndine, bwana," anatero. "Ndinawabisira kuti azidya."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze bodzalo, koma amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi.

Tinakwera minibasi tonse atatu m'mawa mwake, ababa atapakata chikwama chawo. Mvula yoyamba inatipeza tikulowa m'minda ya tiyi. Sabata yotsatira ababa anakalembetsa pa esiteti, n'kuyamba kuthyola tiyi mzere woyandikana ndi wa amayi, dengu kumsana.

Ine ndinasangalala. Ndinkauza anzanga kuti ababa anathawa njovu, ndipo ndinkaona kuti ndi mwayi kukhala nawo pakhomo tsiku lililonse, ngakhale nsapato zija zitandithina panalibenso zina. Ndinali wamkulu kale pamene ndinazindikira kuti tsiku lija ntchito inali itatha kale, kaya wolakwa akanakhala ndani. Chimene chinatsala choti apulumutse chinali nkhope ya akazi awo pamaso pa anthu. Zaka zonse zimene anakhala limodzi, sindinawamvepo akuwakumbutsa amayi za nthochi zija.