Jekete la Bambo pa Depoti

Ndinagwira ntchito pa depoti ya mabasi ku Blantyre zaka ziwiri, ndipo m'zaka zimenezo ndinkakwera basi ya ku Lilongwe pafupifupi tsiku lililonse. Ku Lilongweko sindinafikeko. Ngakhale pageti la depoti sindinatulukirepo ndili m'basi.

Ntchito yanga inali yokhala pampando. Musaseke, imafuna luso. Munthu wapaulendo akafika pa depoti sakwera basi yopanda anthu, chifukwa amadziwa kuti aswera momwemo. Amasuzumira pazenera, kuwerenga mitu, n'kusankha imene yatsala pang'ono kudzaza. Ndiye eni mabasi ena, poti anali anthu achifundo osafuna kukhumudwitsa alendo, ankatilemba ife kuti tikhale mitu imeneyo. Wapaulendo weniweni akalowa, mmodzi wa ife ankadzuka ngati akukagula nthochi, osabweranso. Munthu ankalowa m'basi yotsala mipando itatu, maola anayi n'kutha, anthu akulowabe, koma mipando yotsala ikadali itatu yomwe ija. Masamu amenewa ku sekondale sanatiphunzitse.

Aliyense anali ndi mbali yake. Panali mayi wina wa ku Bangwe amene ankakhala ndi dengu pamiyendo, ndi mdala wina wa thumba lalikulu lodzaza makatoni opanda kanthu. Ine ndinali bwana. Ndinkakhala kutsogolo, pazenera, nyuzipepala ya sabata yatha m'manja, wotchi yakufa pamkono, jekete lakuda pathupi. Anthu akandiona ankati, ngati bwana ameneyu wakwera basi iyi, ndiye kuti sichedwa. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha basi pang'ono, kuibwezanso pomwe inali. Mlaliki ankalowa kudzatipempherera kuti tiyende bwino, ine n'kuvomera ameni mokweza kuposa onse, ndipo kunena zoona pemphero lake linkagwira ntchito, chifukwa ngozi sindinachitepo.

Jeketelo ndi limene linandipezera ntchito, osati satifiketi. Ndinali nditayenda miyezi yambiri ndi envulopu yanga ya Folomu 4, ku Makata, ku Chirimba, ku Limbe, alonda onse a m'mageti mpaka kundidziwa nkhope. Tsiku lina nditatopa ndinakhala pamthunzi pa depoti, mkulu wa oyitanira mabasi n'kundiyang'ana kuyambira kumapewa mpaka kunsapato. Anali munthu wa mawu osasa chifukwa chokuwa tsiku lonse.

"Amwene," anatero, "jekete limenelo likungopsa ndi dzuwa. Bwerani mudzalikhazike pansi."

Jeketelo silinali langa. Linali la bambo anga, akatekisiti a pa tchalitchi chaching'ono cha kwathu ku Nsanje. Linali limodzi lokhalo, ndipo ndi limene ankavala potsogolera mapemphero Lamulungu ansembe akapanda kubwera. Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera m'tauni analichotsa pamsomali n'kundiveka okha. Anati anthu a m'maofesi amayamba ayang'ana mapewa asanayang'ane pepala, ndipo ndikadzapeza ntchito ndidzawabwezere. Kuyambira pamenepo iwo ankayimirira kutsogolo kwa mpingo ndi malaya okha.

Nanga ndikanawauza chiyani? Ndinawauza kuti ndapeza ntchito mu ofesi ya za mabasi. Amayi anauza mudzi wonse, ndipo ndikumva kuti anafika nayo nkhani mpaka kuchigayo. Lamulo langa linali limodzi: basi ya ku Chikwawa, Nchalo, Bangula kapena Nsanje sindikhalamo. Anthu akwathu ali ndi maso, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. Chimene ndinkaopa pa dziko lino sichinali njala kapena apolisi, chinali choti bambo adzadziwe kumene jekete lawo limaswera.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atafika ngakhale kumudzi, koma mayunitsi ayi. Mlendo wochokera kwathu akatsika pa depoti ankabwereka foni ya munthu, kukuflasha katatu, n'kukhala pachikwama chake kudikira kuti wa m'tauni, amene amatola ndalama mumsewu, ayimbe. M'mawa wina ndili paulendo wanga wa ku Lilongwe, nambala yachilendo inandiflasha katatu. Ndinayimba.

"Ndine bambo ako. Ndili pa depoti."

Ndinakweza maso n'kuwaona. Anali ataima pafupi ndi ogulitsa mazira owiritsa, kachikwama m'manja, pamtunda woti ndikanawagenda ndi chipatso. Ndinatsetsereka pampando ngati mwana wothawa jakisoni, kutuluka chowerama, kuzungulira kuseri kwa zimbudzi, n'kutulukira kugeti ndikupuma wefuwefu ngati munthu amene wasiya mafayilo patebulo. Bambo anandigwira mapewa, kusisita kolala ya jekete, n'kunena kuti ndikulisamala bwino. Anabwera kuchipatala chachikulu chifukwa cha ng'ala. Diso lina linali litayera, linalo linkaona zinthu ngati zili mu utsi. Mulungu andikhululukire, ndinathokoza chifukwa cha ng'alayo.

Ndinawatengera kwanga ku Ndirande, m'kachipinda kamodzi kamene ndinawauza kuti n'kongoyembekezera, ofesi ikundifunira nyumba. Iwo anagona pamatiresi, ine pamphasa. Madotolo anachita ntchito yawo, ndipo anaichita bwino mopitirira muyeso. Atachotsedwa bandeji, bambo anakhala pakhomo n'kuyamba kuwerenga nyerere pakhoma la landilodi, akuseka ngati mwana. Ine ndinasekanso nawo. M'mawa uliwonse ndinkamanga tayi, kuvala jekete, kuwatsanzika kuti ntchito yachuluka ku ofesi, n'kutsika kupita kukakhala pazenera langa.

Tsiku loti mawa lake bambo abwerera kumudzi, ntchito inayenda monga mwa masiku onse, kupatula kanthu kamodzi. Cha m'ma eyiti kunabwera mayi wina, chitenje chili m'chiuno, duku kumutu, maso ofiira. Sanafunse woyitanira, poti oyitanira amadziwika kuti amanama. Anabwera pazenera langa.

"Bambo, inu mukuoneka munthu wa Mulungu. Basiyi inyamuka msanga? Ndikupita kumaliro a mchemwali wanga ku Ntcheu, akuti ayika masana."

Ndinayang'ana wotchi yanga yakufa ija, n'kunena kuti pompano, mayi, inenso ndili ndi msonkhano. Analowa. Pamene ndinkadzuka kukagula nthochi zanga dzuwa linali pamutu, ndipo iye anali akulira chamumtima, mutu atatsamira pagalasi. Ndinawoloka n'kukakhala mu basi ya ku Mwanza. Musaganize kuti chinandipweteka kwambiri. Munthu amazolowera, ndipo ine ndinali nditazolowera bwino lomwe.

Madzulo ndinapeza bambo atakhala pakhomo, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anati anakawongola miyendo. Sanadye zambiri, ndipo kolona anapemphera motalika kuposa masiku ena. Ine ndinangoti ndi ukalamba.

M'mawa mwake ndinawaperekeza. Mlendo wochokera kumudzi sumusiya pageti, umamukweza, kumugulira mabanzi, n'kuima mpaka basi itanyamuka. Ndinawadutsitsa njira yozungulira kuti tisakumane ndi mkulu wa oyitanira uja. Pamalo a mabasi a kwathu panali awiri. Ina inkaoneka yodzaza, injini ikulira, anyamata akumenya m'mbali mwake kuti watsala mmodzi, watsala mmodzi. Pazenera lachiwiri panali mayi wa dengu wa ku Bangwe, kumbuyo kwake mdala wa makatoni. Mdalayo anandipatsa moni ndi nsidze, ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndikuona mvula.

Bambo anaika kachikwama pansi n'kuiyang'ana basiyo modekha.

"Mwananga, mwa anthu ali umu, opita ku Nsanje ndi angati?"

Ndinati sindikumvetsa funsolo.

"Iwe ndiye ukuwadziwa. Ndiwerengere."

Ndinayang'ana mazenera limodzilimodzi, n'kunena kuti asanu.

"Nanga inayo?"

"Inayo ali anayi, koma onse ndi enieni. Dalaivala wake sadikira kuti idzaze, amatolera m'njira."

"Ndikwera imeneyo. Waona, ntchito yako yandithandiza."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakuwa, poti pa depoti munthu wokuwa palibe amamumva. Anandifotokozera ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi. Dzulo lake anafunsa njira kwa mayi a landilodi, n'kuyenda wapansi kuchokera ku Ndirande kuti adzaone ofesi ya mwana wawo ndi maso awo atsopano, akauze amayi mtundu wa chitseko chake. Asanafunse munthu, anandiona pazenera la basi ya ku Lilongwe ndi nyuzipepala. Anaganiza kuti ofesi yandituma ulendo. Sanafune kundichititsa manyazi pamaso pa anthu ndi zovala zawo zakumudzi, ndiye anaima pamthunzi kuti basi ikamatuluka andikwezere dzanja.

"Ndinaima maola anayi," anatero. "Dzanja linali lokonzeka. Kenako ndinakuona ukutsika, n'kukwera ya ku Mwanza. Ndinati mwina wasokoneza. Ndinaimabe. Unatsikanso."

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bambo anga kudekha anali nako kokwanira mudzi wonse. Ndinayamba kufotokoza za envulopu, za mageti, za alonda. Anandimvetsera mpaka ndinatha.

"Zimenezo ndazimva, ndipo sindikukuseka. Ukanandiuza kuti umasenza matumba, ndikanakusenzera limodzi. Koma mayi uja ankalira pagalasi, uja unamuonetsa wotchi, unamuuza chiyani?"

Ndinawauza.

"Anafunsa iwe bwanji, osafunsa anyamata okuwawa?"

Yankho tonse tinkalidziwa, linali pamapewa panga.

"Vula," anatero.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ogulitsa mazira anali atasiya kugulitsa. Mayi wa dengu anatulutsa mutu pazenera, kuyiwala kuti ali paulendo.

"Bambo, pano?"

"Pano pomwe. Ndinakubwereka kuti ukafunire ntchito. Anthu akaliona amakhulupirira, ndipo si iwe unalichititsa kuti likhale lotero."

Ndinavula. Analikung'untha kawiri, kuyang'ana m'matumba, kutulutsa nyuzipepala yopindidwa ija n'kundipatsa, kenako analivala pamwamba pa juzi yawo. Kunali kotentha kale, ndipo kumene ankapitako ndi kumene dzuwa limakhala kwawo, koma anamanga mabatani onse. Analowa m'basi ya anthu anayi ija n'kukhala pazenera. Mabanzi analandira, anati takhuta, monga timanenera kwathu. Basi inanyamuka pasanathe theka la ola, monga ndinanenera, chifukwa pa zimenezo ndinali katswiri. Ikutuluka pageti anakweza dzanja lija.

Ndinabwerera kwa mkulu wa oyitanira ndili ndi malaya ndi tayi. Anandiyang'ana ngati nkhuku yosasosola bwino.

"Jekete lili kuti, amwene?"

"Lapita ku Nsanje."

"Ndiye inu mwatsalira chiyani? Opanda jekete ndili nawo ambiri."

Umo ndi mmene ofesi ya za mabasi inandichotsera ntchito, popanda kalata, popanda phwando lotsanzikana. Ndinakwera wapansi kubwerera ku Ndirande, tayi ili m'thumba. Patapita miyezi ndinapeza ganyu yonyamula zitsulo pa shedi ina yowotcherera ku Chirimba, kumene ovololo yake inali ndi mabowo ambiri kuposa nsalu, ndipo palibe anandifunsapo nthawi.

Koma Lamulungu lotsatira tsiku la pa depoti lija, masana, foni inaflasha katatu. Ndinadziwa kuti ndi kumudzi. Ndinakhala nayo m'manja nthawi yaitali, chifukwa ndinkaganiza kuti nkhani yafika kale kuchigayo. Kenako ndinayimba. Anali amayi, mawu ali osangalala.

"Bambo ako afika bwino, akuona mpaka nsabwe za nkhuku. Lero atsogolera mapemphero ndi jekete lawo, anthu anachita kuwomba m'manja. Akuti ku ofesi kwanu akupatsani zovala za kampani, ndiye wawabwezera. Akuti ofesi yake ndi yaikulu, ya mazenera ambiri."

Ndinavomera kuti ee, mazenera ndi ambiri.

Bambo anga anali munthu amene mlendo wosafunika akabwera, amayi n'kubisala kuchipinda, iwo ankakana kunena kuti achokapo. Tinkawaseka nazo kunyumba. M'moyo wanga wonse sindinawamvepo akunama, ngakhale bodza la nthabwala. Nkhani ya pa depoti sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa wina aliyense, ndipo amayi anamwalira akudziwa kuti mwana wawo anayambira mu ofesi ya za mabasi.

Ndinkaopa kuti akadzadziwa adzandiyalutsa pamudzi. Zimene anachita zinandipweteka kuposa pamenepo, ndipo zimandipwetekabe. Bodzalo linali langa, ndinalipanga ndekha pazenera la basi, koma analisenza ndi iwo, ndipo Lamulungu lililonse ankaima nalo kutsogolo kwa mpingo atamanga mabatani onse.