Tsaya la Agogo ndi Kompyuta ya Malume

Kafungo ka fumbi lotentha, kaja kamatuluka kumbuyo kwa kompyuta ikagwira ntchito nthawi yaitali, kakangondifika m'mphuno ndimaona agogo anga aamuna, a Kwenda, atakhala pa benchi mu shopu ya malume pa Mitundu, chipewa chili pabondo, malaya awo akununkha utsi wa bulugamu umene sopo analephera kuuchotsa. Kunja nyenje zikulira m'mitengo ya mango, anyamata a kabaza akuliza mabelu, malata a denga akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala, ndipo ine, mtsikana wa Fomu 1, ndili pa mpando wa malume.

Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina kufupi ndi kwathu, ndipo anakalambira pakhomo la balani, akuwotcha fodya wa fuluu. Kuwerenga sankadziwa. Choyezera kutentha chimene bwana anapachika m'balanimo ankachiona ngati chokongoletsera. Iwo ankangosuzumira pakhomo, kutembenuza tsaya, n'kunena kuti, "Chikuni chimodzi." Anali amakani koopsa, ndipo ankakonda kundiputa. Monga amachitira agogo ndi mdzukulu kwathu, ankanditcha mkazi wawo, n'kumadandaula kwa aliyense kuti anakwatira mlesi wongokhalira kudina mabatani. Kompyuta ya malume a Yona, imene tinkalembera anthu makalata ndi kuikira nyimbo pa zimbale, iwo ankaitcha kabati yaphokoso.

Agogo aakazi, aNambewe, anali atamwalira dzinja la chaka chomwecho. Chithunzi chawo panalibe ngakhale chimodzi, chifukwa akaona kamera ankathawa. Agogo aamuna sankadandaula pagulu, koma tsiku lina tikupala chinangwa anandiuza motsitsa mawu kuti nkhope ya akazi awo yayamba kuwasokonekera, akati aikumbukire ikumabwera ya mchemwali wawo wa malemuwo. Zinandiwawa kwambiri.

Ndiye kunabwera a Jailosi, ojambula mavidiyo a maukwati a ku Nathenje. Chaka chapitacho anajambula ukwati wa msuweni wanga, ndipo anakumbukira kuti pa tepi yawo pali kagawo ka azimayi ali kuseri kwa nyumba, kamene sanakaike pa chimbale cha akwati. Lachisanu m'mawa anaimika njinga yawo yamoto pakhomo la shopu, n'kundipatsa kamera ndi tepiyo.

"Agogo ako alimo, koma sindikukumbuka kuti ali pati. Ukopere yonse," anatero. "Ndibwera folo koloko. Mawa ndili ndi ukwati, ndipo tepi yotsala ndi yomweyi, ndijambula pamwamba pake."

Malume anali atapita ku maliro ku Malingunde. Mu shopu tinalimo awiri, ine ndi agogo, amene anavala jekete la ku tchalitchi ngati akupita kokakumana ndi mlendo.

Ndinalumikiza nthambo monga ndinkaonera malume. Zithunzi zinabwera, koma zinkadumphadumpha, mkwati ali pakhomo la tchalitchi, kuphethira kamodzi ali kale ku guwa, mawu akutsalira m'mbuyo. Kompyuta yathu inali yakale, sinkatha kuyendera limodzi ndi tepi. Ndinakumbukira chimene malume ankachitcha ovakiloko: poyatsa umalowa pa sikirini ya buluu, n'kukweza nambala ya liwiro la purosesa, kachitsulo kaja kamaganiza m'kati mwa kompyuta, kuti kazithamanga kuposa mmene anakapangira. Ankanenanso kuti kakathamanga kamatentha, kakatentha kwambiri kamapsa. Mbali yachiwiriyi ndinaiponya kunkhongo. Ndinakweza nambalayo kwambiri nthawi imodzi, poti ndinkafuna agogo aone kuti mlesi uja ndi katswiri.

Kwa mphindi zingapo zinayenda myaa. Kenako fani inayamba kulira mokweza, kompyuta inati pii, sikirini bii. Ndinadikira, ndinayatsa, ndinayambiranso tepi, inazimanso pa malo omwewo, ndipo kafungo kaja kanadzaza m'chipinda. Nthawi inali itakwana kale 11 koloko. Ndinaika mutu pa tebulo n'kuyamba kulira.

"Mkazanga, wamwalira ndani?" anafunsa agogo.

"Yatentha, agogo. Ikatentha ikumazima."

"Yatentha? Muli moto m'menemo?"

Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo ikuchita chidwi ndi kabati yaphokoso ija. Anavula jekete, anagwada movutikira, nasuzumira pansi pa tebulo. Akazi awo a malume ankaisamala kompyutayo ngati mwana: inkakhala m'katoni, itagunda khoma, pamwamba atafunditsa nsalu yoluka ya maluwa kuti fumbi la pa Mitundu lisaipeze. Agogo anayandikitsa tsaya, nabweza mutu msanga.

"Ndani anatseka balani chonchi? Mpweya ulowera pati? Utulukira pati? Tulutsa, tulutsa!"

Tinaitulutsa. Ndinamasula chitseko cha m'mbali ndi mpeni, ndipo fumbi limene tinapeza m'katimo linali lochindikala ngati thonje, litatseka timipata tonse ta chitsulo chimene fani imakhalapo. Agogo anapita okha kwa okonza njinga n'kubwera ndi pampu. Iwo akupopa, ine ndikuloza kapaipi, tonse tikuyetsemula, nsidze zawo zitayera mbuu. Kenako anatola njerwa zinayi panja, anakhazika kompyutayo pamwamba pake pafupi ndi windo, anaika fani ya patebulo pansi kuti iziuzira chokweza, nanyowetsa chiguduli n'kuchipachika pakhomo pamene mphepo imalowera.

"Wozizira ulowere pansi, wotentha utulukire pamwamba," anatero akupukuta manja pa buluku. "Tsono tandiuza, unasonkhezera bwanji?"

Ndinawafotokozera za nambala ija, kuti ndinaikweza yonse kamodzi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukanakhala pa esiteti akanakuthamangitsa tsiku lomwelo. Fodya ukamupatsa moto wonse poyamba amapsa akadali wobiriwira. Bweza pamene inali. Uziika chikuni chimodzi, tizidikira."

Tinachitadi choncho. Ndinkakweza pang'ono, kuyatsa, kuyendetsa tepi, iwo n'kuyimba chapansipansi nyimbo ya m'buku ndime zonse, tsaya lili kumbuyo kwa kompyuta, maso atatsinzina. Nyimbo ikatha ankati, "China." Ine ndinkaonera kutentha pa kanambala ka pakona ya sikirini, iwo sankafuna n'komwe kukamva. Mtima wanga unali pa wotchi ya pakhoma, ndipo ndinkalakalaka akanasankha nyimbo zazifupi. Pa chikuni chachinayi zithunzi zinasiya kudumpha. Ndinaika chachisanu kuti ndikhale ndi chitsimikizo, ndipo chinagwira bwinobwino.

"Chotsa chimenecho," anatero agogo.

"Koma agogo, nambala ikuti zili bwino."

"Nambala yakoyo yaona denga? Pano ndi wani koloko. Malatawa akwiya kuyambira thuu mpaka fili. Usiyire dzuwa malo ake."

Ndinang'ung'udza, koma ndinachotsa. Tinayamba kukopera nthawi itangodutsa thuu koloko, ndipo tepiyo inali ya ola limodzi ndi theka. Agogo anakana kuyang'ana pa sikirini. Anati munthu wowotcha sasuzumira fodya asanapse, koma ine ndikuganiza kuti ankaopa. Anakhala pansi pambali pa njerwa zija, nthawi ndi nthawi akutuluka kukanyowetsanso chiguduli. Monga ananenera, chipinda chinasanduka uvuni. Kanambala kaja kanakwera, kanakwera, mpaka kanatsala pang'ono kufika pamene kompyuta inazimira m'mawa. A Jailosi anafika nthawi isanakwane n'kuima pakhomo akuzunguza makiyi pa chala. Agogo anawauza mwaulemu kuti, "Bambo, pepani, mwatitsekera mpweya," ndipo munthu wamkulu uja anakadikirira pansi pa mtengo. Kanambala kanaima pomwepo, sikanakwerenso, mpaka tepi inafika kumapeto n'kudzizimitsa yokha.

A Jailosi atanyamuka ndi tepi yawo, agogo anavalanso jekete, anakhala pa mpando wa malume, nati, "Tsopano ndionetse."

Agogo aakazi anali chakumapeto, ndipo sanakwanitse ngakhale mphindi imodzi. Anatulukira kuseri kwa nkhokwe atasenza chidebe cha thobwa, akuyenda mofulumira monga mwa masiku onse. Ataona kamera anaima, anakwinya nkhope, nakuwa kuti, "A Kwenda, tawauzani anyamatawa achotse chinthu chawochi!" Penapake pambali, pamene kamera sinaloze, panamveka mwamuna akuseka kwambiri. Agogo aakazi analephera kupirira, anamwetulira, mpata wa mano awo unaoneka, kenako anaphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje n'kudutsa.

"Basi?" anafunsa agogo.

"Basi, agogo."

Kenako, osandiyang'ana, anati, "Mkazanga, tsiku lonse takhala tikuchithamangitsa chinthuchi. Kodi kuchichedwetsa sungathe?"

Ndinatha. ANambewe anatulukiranso kuseri kwa nkhokwe, phazi lililonse likutenga nthawi yake, kumwetulira kuja kukutseguka pang'onopang'ono. Agogo anayandikitsa nkhope pa sikirini, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta.

"Ndi yemweyu," anatero. "Koma moyo wake wonse sanayendepo mofatsa chonchi. Akanadziona akanakwiya."

Tinabwereza kasanu ndi kawiri, mpaka malume anatipeza.

Lero ndimakonza makompyuta mu Lilongwe. Anyamata okonda masewero a pa kompyuta amabwera ndi makina awo kuti ndiwathamangitse, ndipo amadabwa ndikawauza kuti ndi ntchito ya tsiku lonse. Agogo anamwalira patapita zaka ziwiri. Makamera anadutsa ambiri mu shopu muja, koma ine, ndi ukatswiri wanga wonse, sindinaganizepo zowalozetsa ngakhale imodzi, poti ndinkangoona ngati adzakhala pa benchi paja mpaka kale. Zimenezi zimandipweteka. Chimene ndili nacho cha iwo ndi kuseka kuja kwa pambali pa kamera. Ndinayesapo kukuchedwetsa, koma kumasanduka kubuula. Ndiye ndimakusiya pa liwiro lake, kumatha msanga, ine n'kubwezanso.