Ndinayankhulira Paini, Amalume Akumvetsera

Kwathu ndimadziwika ndi pakamwa. Amayi amati ndinabadwa lilime litatsogola. Nditapeza malo ku yunivesite ku Lichinga, amalume, alongo awo a amayi, anati, "Zakhala bwino. Pita ukanole pakamwa pakopo, udzatiyankhulire ife amene Chipwitikizi chimatikola pakhosi." Sankanena zocheza. Nthawi imeneyo kumudzi kunali kutafika empreza ina, kampani yodzala mitengo ya paini, ikufuna mtunda wonse wa minda yathu ya mbatatesi ndi nyemba, munda wa amayi uli momwemo. Anthu ena anali atafewa kale. Amalume ndiwo anakanitsitsa, ndipo mabanja oyandikana nafe ankayang'ana kwa iwo. Iwo akati toto, onse ankati toto.

M'chaka chachiwiri tinali ndi phunziro la mtsutso ndi kuyankhulira anthu pa milandu. Aporofesori athu anali bambo wamfupi wokonda kugogoda tebulo, ndipo mwambi wawo unali umodzi tsiku lililonse: kutsutsa galu n'kukumba. Ankati misozi uzisiye pakhomo, m'kalasi ulowe ndi umboni. Zimenezo ndinkazikonda. Chimene chinkandinyansa chinali lamulo lawo lakuti mbali yoyankhulira susankha wekha. Ankapinda timapepala n'kutiika m'chipewa, ndipo chimene watola ndicho chako. Ankati woyankhulira anthu amene sangathe kumanga mlandu wa mdani wake, wake womwe sangaumange.

Mtsutso womaliza wa semesitala unkachitikira m'holo, aliyense wofuna akulowa. Mutu wake unali wakuti kodi anthu akumidzi apereke minda kwa odzala mitengo kapena ayi. Nditaumva ndinadziguguda pachifuwa, ndinati apa ndiye andiona. Ndinapisa dzanja m'chipewa muja, n'kutola mbali ya empreza. Ha! Ndinawalondola aporofesori mpaka pamene ankaimika njinga yawo yamoto.

"Dotolo, munda wa amayi anga uli m'nkhani yomweyi. Ndisinthane ndi mnzanga."

Iwo akumanga chisoti anangoti, "Ndiye ukudziwa bwino pamene anzako adzagunde. Pita ukatsekepo."

Ndinalalata njira yonse yobwerera kogona, koma ine kugonja pagulu ndiye ayi. Ndinakhala pansi n'kukumba monga anatiphunzitsira. Ndinasonkhanitsa za nthaka yotopa, za feteleza wosagulika, za mbatatesi zowolera pamsika chifukwa tonse timakolola mwezi umodzi, za achinyamata akumudzi amene amangozungulira mu Lichinga opanda ntchito. Pofika tsikulo ndinali wakuthwa moti anzanga a mbali inayo ankandizemba.

Kunali kuzizira kwa mu Juni, kuja koumitsa zala. Nditaimirira kutsogolo ndinaona amalume ali pa benchi yakumbuyo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, chipewa chili pabondo. Anali atabwera ndi matumba a mbatatesi kumsika, n'kugona kwa azakhali ku Sanjala, ndipo azakhaliwo ndiwo anawauza kuti mphwawo akuyankhula lero. Ndinakondwa kwambiri kuwaona. Za chipewa cha aporofesori palibe analengeza, pakuti m'holo monsemo aliyense ankadziwa kuti ndi mmene timachitira. Ine sindinaganize n'komwe kuti munali munthu mmodzi wosadziwa.

Ndiye ndinayankhula, abale. Ndinagogoda tebulo kuposa eni ake. Mnzanga wa mbali ina atanena kuti munda ndi moyo wa mlimi, ndinamudula: "Iwe unakulira mu bairu, m'tauni muno, khasu umaliona pamsika. Ine ndine mwana wa mlimi wa mbatatesi. Ndaona amayi anga akupindika msana pa nthaka imene inasiya kale kubweza. Musandiuze kuti umenewo ndi moyo!" Holo yonse inawomba m'manja, ndipo mbali yathu inapambana.

Panja, anzanga akundikoka uku ndi uku, amalume anandipeza n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mphwanga, ndamva."

"Zikomo malume. Tidzacheza bwino kumudzi."

Anathamangira lole yobwerera, ine ndinapita kukakonzekera mayeso. Mawu awo aja ndinawatenga ngati kuyamikira chabe.

Pa tchuthi ndinatsika shapa, kaminibasi kathu, pamsewu waukulu n'kudzera kanjira ka m'minda monga mwa nthawi zonse. Nditafika pa munda wathu ndinaima chilili. Munali zikhomo zopaka utoto wofiira, zitandandalikidwa kuyambira kumunsi mpaka pamtunda, kupyola munda wathu, kupyola ya anzathu. Ndinathamanga chikwama chikundimenya kumsana, ndipo ndinapeza amayi akupuntha nyemba pabwalo. Moni sindinapereke.

"Amayi, zikhomo zija n'zachiyani?"

"Aa, ukufunsa ine? Si iwe unati tipereke?"

"Ine? Liti?"

"Amalume ako anakumva ndi makutu awo kusukulu kwanu. Anyamata a empreza atabweranso kudzafunsa mudzi, iwo ndiwo anayamba kuimirira n'kuvomera. Ena onse anatsatira."

Ndinakhala pa mulu wa makoko a nyemba. Mayo ine, munda umene unandilipirira sukulu!

Amalume anabwera atamva kuti ndafika, akumwetulira ngati munthu amene wagwira ntchito yabwino. Anati mawu anga aja anawanyamula onse, za nthaka yotopa, za ana opanda ntchito, za msana wa mlongo wawo, n'kukawatula pamsonkhano mmene ndinawanenera. Anati usiku wonse atachoka ku Lichinga mtima unkawawawa, koma anadziuza kuti mwana tinamutuma tokha kukaphunzira, ndiye akabwera ndi yankho sitingalitaye.

"Malume, zija zinali za sukulu! Mbali ija sindinasankhe, anachita kundipatsa. Ine mtima wanga ndi wokana, ngati inu!"

Kumwetulira kuja kunazima.

"Iwe unaimirira?"

"Ndinaimirira."

"Pamaso pa akuluakulu, anthu ali chete kukumvera?"

"Inde malume, koma onse ankadziwa kuti ndi phunziro."

"Unatchula amayi ako."

Kwathu munthu akhoza kunama kumbali, pa mowa kapena pogulitsa mbuzi, koma akaimirira pabwalo n'kutchula mayi ake, amenewo ndi mawu a mumtima mwake. Amalume anakhala moyo wawo wonse akuyankhula pa maukwati ndi pa milandu mwa njira imeneyo, ndipo sanamvepo kuti kuli malo kumene munthu amapatsidwa mphoto chifukwa choteteza chimene akudana nacho. Anagwira pakamwa. Sindinawaonepo atazunguzika chotero, ngakhale pamaliro.

"Madzi akatayika saoleka," anatero amayi, n'kupitiriza kupuntha nyemba.

Amalume anati, "Mawa ndiitana mabanja aja. Ukaimirire wekha ukawauze. Ine pakamwa panga sipangathe."

M'mawa mwake anthu anabwera n'kukhala pabwalo la amalume. Ndinaimirira. Ndinayankhula Chinyanja chathu chomwe, popanda kugogoda kanthu. Ndinafotokoza mmene timaphunzirira, ndinapereka zifukwa zonse zokanira, ndinati mitengo isanadzalidwe tikhoza kupita limodzi kukadandaula kuti tinavomera tisanamvetse, ndipo ine ndidzatsogolera. Ndikhulupirira kuti sindinayankhulepo zoona zochuluka chotero chiyambire.

Ndinamaliza n'kukhala pansi. Kenako mayi wina wamasiye, amene munda wake unachita malire ndi wathu, anakonza chitenje chake n'kundifunsa mofatsa, mopanda mnyozo uliwonse:

"Mwanawe, tiuze kuti tidziwe. Lero ukunena zoona, kapena ukuphunziranso?"

Ndinalumbira kuti ndikunena zoona. Anagwedeza mutu mwaulemu, anthu n'kuyamba kunyamuka mmodzimmodzi. Palibe anapita nane kukadandaula. Mvula yoyamba itagwa, m'munda mwa amayi anadzalamo paini.