Kansimbi ka pa Mfuti ya Ambuya

Nitafeluka Fomu Firii, nchito yanga inali kusewera na mfuti ya ambuya, ija anabwera nayo ku nkhondo ya azungu. Tsiku lina ninaigwetsa. Kansimbi ka kumapeto, kaja kolozera nako, kanathyoka n'kutayika mu udzu. Anthu inu, ninafa n'kuuka!

Ninathamangira kwa wokonza njinga ku Chongwe. Anapala kena kuchokera ku pedulo, ine n'kukadetsa na utsi wa koloboyi n'kukaika pa mfuti. Kanafanana na kakale ngati mapasa. Nanga ambuya, amene saona na ng'ombe pakhomo, akanadziwa bwanji?

Anangopitisapo chala. "Aka si kanga. Kenikeni kali na kamuvi kodinda pambali. Wanibera Mwanza!"

Ba Mwanza ni mnzawo wa ku nkhondo, anabwerekapo mfutiyo kuti aphe nguluwe. Mlandu unafika mpaka kwa cheyamani wa chipani, ine osaulula kuti wothyola nine.

"Iwe, pita ukamuuze mdala uja kuti ni kawalala," ambuya ananituma.

Ninapita. Ninachita odi, ninagwada bwinobwino, n'kuwauza. Ba Mwanza analira misozi yeniyeni, kenako ananipatsa mbatata zoti nidye m'njira. Ninadya zonse.