Masamba amene sindinajambule

Ndiyamika Mulungu amene anandipatsa maso ndi manja, nandisunga kufikira lero kuti ndinene izi popanda kunamizira munthu.

Ndinayamba kujambula ndili kale ndi zidzukulu. Amene anandiphunzitsa anali mkulu wa mpingo wathu ku Pembamoyo, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Anaona maluwa amene ndinapeta pa nsalu ya patebulo la Mgonero, ndipo anandiitana kuti ndizibwera pakhonde pawo Lachiwiri lililonse. Anali ndi kabokosi ka utoto wosungunula ndi madzi, maburashi atatu, ndi mapepala ochindikala ogula ku Chipata.

Tinasankha muwale wa kuseri kwa tchalitchi. Mtengo umenewu umachita maluwa m'chilimwe, ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Anandiphunzitsa kung'amba duwa ndi lezala, kuona za m'kati mwake, ndi kuliyeza ndi rula ndisanagwire pensulo. Kufiira kwake kunandivuta masabata atatu.

"Amayi, uwu ndi muwale kapena tomato wovunda?" ankatero, ine n'kuseka mpaka misozi.

Lamulo lawo linali limodzi: osajambula chimene sunachione. Ankati tsamba lochokera m'mutu ndi umboni wonama. Choncho nditatsiriza maluwa ndi minga ya panthambi, ndinasiya malo m'munsi mwa pepala, kudikira mvula kuti masamba aphuke. Iwo anati pepalalo litsale kwawo m'kabati, chifukwa nyumba yanga ya udzu ili ndi chiswe. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Mvula isanagwe, abusa athu anasamutsidwa. Tsiku lotsanzikana anthu anapereka nkhuku, mtedza ndi zitenje. Kenako aphunzitsi anga aja anaimirira ndi chithunzi choikidwa m'galasi.

"Kantchito ka manja anga okalambawa," anatero.

Anali maluwa anga. Ndinazindikira ngakhale pamene chala changa chinadetsa pepala. M'munsi munali masamba obiriwira bwino, ndi dzina lawo pambali. Pawindo muwale unali kuoneka, udakali wopanda tsamba. Anthu anaomba m'manja, ndipo poti inali nthawi yanga yoyambitsa nyimbo ya amayi a chigwirizano, ndinaiyambitsa.

Lachiwiri ndinapita kwawo ndekha, monga timaphunzitsidwira kuti mbale akakulakwira uyambe wamuona pa awiri.

"Aphunzitsi, pepala langa lija ndalitsata."

"Mwaliona komwe lapita. Simukondwa kuti lili m'nyumba ya abusa?"

"Dzina lili pamenepo ndi la yani?"

"Utoto unali wa yani? Burashi? Dzanja lanulo ndinaliumba ndine, Amayi. Ndipo ndani akadakhulupirira kuti munthu wa khasu wachita zimene zija?"

"Nanga masamba aja munawaona kuti?"

Anayang'ana kumbali, nayamba kuthamangitsa nkhuku zimene sizinalakwe kanthu.

Akadakhala mdani, ndikadapirira mosavuta. Koma awa ndi amene tinkatsekula nawo phunziro lililonse ndi pemphero, amene anaimirira pa ubatizo wa mdzukulu wanga. Ndipo pa Mgonero ndiwo amayendetsa chikho kumbali ya amayi. Ndinadzifunsa kuti ndidzachilandira bwanji kuchokera m'dzanja limenelo.

Mgonero woyamba ndinakhala kunyumba. Amayi anzanga atandifunsa ndinati mutu unkandipweteka. Linali bodza, ndipo linandilemera kuposa chithunzi chija. Ndinaona kuti tchimo la wina layamba kubala ana m'nyumba mwanga.

Mgonero wotsatira ndinapita. Aphunzitsi atafika pa ine, anandipatsira chikho. Ndinalandira, ndinamwa. Mtima unali usanapole, ndipo mpaka lero sanapepese, koma chikhocho si chawo ayi, mwini wake ndi wina. Pakhonde pawo sindinabwererenso.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni pamene wokupwetekani ndi munthu wodya naye mbale imodzi. Asalole kuti chilonda chikuchotseni patebulo lake, ndipo akupatseni mtendere ngakhale kupepesa kutachedwa. Ameni.