Mayi Fagness Maliko, amene ankayeza mvula ku Kamsangu

Mwezi uno wa Novembala, pamene tikupempherera akufa, tikumbukire Mayi Fagness Maliko a Mphakati wa Marita Woyera ku Kamsangu, kumunsi kwa Golomoti. Ambiri tinkawadziwa ngati agogo a diso limodzi, okhala kutsogolo m'tchalitchi, kolona ili m'manja.

Anabadwa mu 1949. Sukulu analekeza Sitandade 4, chaka chimene mayi awo anamwalira pobereka, koma anatsala akudziwa kuwerenga buku la mapemphero ndi kulemba manambala oongoka bwino. Anakwatiwa ndi Bambo Raphael Maliko. Mwa ana awo asanu ndi mmodzi, anayi anawaika m'manda asanayambe sukulu. Awiri otsalawo anapita ku Joni ndipo sankabwera kawirikawiri.

Mu Julaye 1994 alangizi a zaulimi anazika choyezera mvula pakhomo pa a Maliko. Chinali chitini chachitsulo, m'kati mwake muli botolo. M'mawa uliwonse 8 koloko a Maliko ankathira madzi a m'botolomo m'galasi la mizere, n'kuwerenga mamilimita, n'kulemba m'buku. Alangiziwo anati manambala otere amanena zoona za mvula ya dera akakwana zaka makumi atatu pamalo amodzi.

A Maliko anamwalira patangotha zaka zinayi. Alangizi nawo anasiya kubwera. Mayi Fagness anatenga galasi lija n'kupitiriza. Akafunsidwa kuti akulembera yani, ankati, "Amuna anga anavomera zaka makumi atatu. Ukwati tinamanga tonse, ndiye tinavomera tonse."

Lamulungu ankayamba ayeza mvula kenako n'kuyenda makilomita atatu kupita kutchalitchi, ndipo akwaya ankawaseka kuti nyimbo ya kumayambiriro kwa Misa, Ambuye Mutichitire Chifundo, sanaimvepo chiyambire. Pa njala ya 2002, akudya zitsa za nthochi, sanaphonye tsiku. Masiku asanu amene anagonekedwa ku chipatala cha Mua ndi malungo anawasiya osalemba kanthu. "Ziro ndiye kuti ndayang'ana m'botolo ndipo mulibe madzi," ankatero. "Pamene sindinayang'ane ndilembepo ziro? Bodza limenelo ndikaulula bwanji kwa ansembe?"

Mu 2013 kunabwera Mayi Rosemary, wofufuza za nyengo wochokera ku yunivesite, amene anamva za mabukuwa. Anakhala masiku atatu pakhonde akulowetsa manambala onse m'kompyuta. Anawafotokozera kuti chaka chimodzi sichinena kanthu, koma ukaphatikiza zaka zonse n'kugawa ndi kuchuluka kwake, umaona mvula imene dera limalandira nthawi zambiri, ndiponso tsiku limene imakonda kuyamba. Mayi Fagness sanafune kungovomera. Anatenga njere za chimanga, njere imodzi kuimira chaka chimodzi, n'kuyamba kutsegula mabuku awo. Chaka chimene mvula yoyamba inatsatidwa ndi ng'amba ya masiku oposa khumi, njere inkapita kumanzere. Mwa njere khumi ndi zisanu ndi zinayi, khumi ndi ziwiri zinapita kumanzere.

Anakazionetsa ku Mphakati. Analangiza kuti anthu asamathere mbewu yonse pa mvula yoyamba. Ena anamvera, ena anaseka.

Kenako kunabwera chilala cha 2016. Mvula inagwa pang'ono n'kudula, chimanga chinapsa chisanamasule, mitambo inkasonkhana kumapiri a Dedza n'kubalalika isanafike kuno. M'mudzi munayamba kumveka kuti nkhalamba imene inadziwiratu za ng'amba ndi imene yamanga mvula. Amene anayamba kunena poyera anali Mayi Margret, mchemwali wa malemu Bambo Maliko, wa Mphakati womwewo, amene mdzukulu wawo anali atatupa miyendo ndi njala.

"Alamu, tsiku lililonse mumatapa mvula m'botolo," anatero pa mjigo. "Mumaipititsa kuti?"

"Ndimathirira mpiru wanga kuseriku, alamu. Bwerani mudzathyole."

Anthu sanaseke. Lachinayi lotsatira, dzuwa lili paliwombo, gulu la anthu linafika pakhomo ndi miyala. Anagumula khitchini, anazula chitini chija n'kuchiponda. Mayi Fagness anagona chafufumimba pakhomo la nyumba kutchinga mabuku. Atadzutsa mutu, mwala unawapeza pa diso lamanja.

Apolisi atawafunsa kuchipatala kuti atchule mayina, anati, "Diso limene linawaona ndi limene lachotsedwali." Sanatchule munthu mpaka imfa yawo.

Bambo Mfumu anakawaona ndipo anawapempha kuti asamukire pafupi ndi tchalitchi, choyezera chatsopano chizikidwe pamenepo. Mayi Fagness anapempha kuti aimbiridwe foni Mayi Rosemary. Iwo anayankha mosabisa kuti choyezera chikasuntha makilomita atatu, kuwerenga kuyambiranso pa chaka choyamba, chifukwa manambala a malo awiri saphatikizidwa. Anawonjezera kuti moyo wa munthu ndi woposa manambala, ndipo iwo akanakonda kuti agogo asamuke.

"Mwamva, Bambo," anatero Mayi Fagness. "Mvula ya kutchalitchi si ya ku Kamsangu. Zatsala zaka zisanu ndi zitatu. Mungondipempherera."

Anabwerera kwawo. Chitini chatsopano anachizika pa dzenje lomwe lija. Masiku makumi awiri ndi limodzi a kuchipatala anawasiya oyera m'buku.

Zaka zimenezo zinali zowawa, ndipo ife akhristu anzawo tiyenera kuvomera mbali yathu. Panalibe wobwera kudzapala moto kapena kupempha mchere pakhomo pawo. Pa maliro, ndiwo zimene aphika zinkabwerera zosakhudzidwa. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, ena ankapeza chochita ndi nsalu zawo. Iwo sanasiye kusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, ndipo m'mapemphero a Mphakati ankatchula dzina la mdzukulu wa Mayi Margret, amene anamwalira chaka cha chilala chomwecho. Mayi Margret sanawalankhule kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Mu Januwale chaka chino miyendo inakana. Masiku awiri anakwawa mpaka pa choyezera. Tsiku lachitatu anatuma uthenga kwa Mayi Margret, ndipo iwo anabwera n'kuima pakhomo osalowa.

"Lowani, alamu, mvula sindisungira m'nyumba muno."

Analowa n'kukhala pansi. Anayamba kunena za tsiku la miyala lija, koma Mayi Fagness anawadula.

"Zimenezo ndinapereka kale kwa Mwiniwake. Ine ndakuitanirani galasi. Kuno mwatsala ndinu nokha wa magazi a a Raphael. Yatsala miyezi isanu."

"Ine manambala ndimalemba ngati nkhuku yapalasa."

"Bola aziwerengeka. Galasi muziimika pathyathyathya, diso lifanane ndi madzi. Mukapanda kuyang'ana, musalembe."

Anawaphunzitsa masiku anayi, akuthira madzi a mumtsuko m'galasimo mobwerezabwereza. Pa 24 Januwale analandira sakramenti la kudzoza odwala. Masana a tsiku lomwelo, amayi a Mphakati akunena kolona, anapuma pang'onopang'ono n'kutisiya mwamtendere. Anali ndi zaka 74.

M'mawa wa tsiku loika maliro kunawaza mvula. Itakwana 8 koloko Mayi Margret anadzuka pakati pa anamfedwa, anadutsa pa siwa anthu onse akuwayang'ana, ena mwa iwo amene anaponya miyala, n'kukatsegula chitini. Mkulu wina anawanong'oneza kuti pamaliro sagwira ntchito. Iwo anayankha kuti mwini malirowo ndi amene wawatuma. Analemba mamilimita atatu.

Pa 30 Juni zaka makumi atatu zinakwana. Mayi Rosemary anabwera ndi zotsatira ndipo zinawerengedwa pa Mphakati, njere za chimanga zili pa mphasa kuti aliyense aone. Mabuku a Kamsangu akuonetsa kuti m'zaka khumi zomalizazi mvula yakhala ikuchedwa pafupifupi sabata ziwiri poyerekeza ndi zaka khumi zoyambirira, ndipo ikutha msanga. Kusinthaku kunayamba kale chilala chija chisanabwere. Si nkhani yokondweretsa, ndipo panalibe woomba m'manja.

Kenako Mayi Margret anaimirira, nanena pamaso pa onse kuti iwo ndi amene anayambitsa bodza lija pa mjigo, ndipo mlamu wawo sanamangepo mvula. Atatero anafunsa Mayi Rosemary ngati ntchito yatha.

"Zimene analonjeza zakwana, amayi. Mutha kupuma."

M'mawa mwake, 8 koloko, Mayi Margret anapezeka pa chitini. Munali mouma. Analemba ziro.

Ambuye, muwapatse Mayi Fagness mpumulo wosatha, ndipo mutikhululukire ife.